Agogo anandipezera, koma anawalemba kuti anamwalira opanda mwana

Ndinalembetsa ku kampani ina ya ku England yofufuza mbiri za mabanja chaka chatha, ndipo ndinasankha dongosolo lawo lolipira maola 20 a kafukufuku, lomwe aliyense amene anayesapo kusaka mapaundi m'mabanki a kuno kwathu akudziwa kuti si ndalama yoseweretsa. Ndinkafuna kudziwa kumene anachokera agogo anga aamuna, bambo awo a amayi anga, Mngelezi amene ankayang'anira esiteti ya tiyi ku Mulanje m'nthawi ya atsamunda. Tinali ndi dzina lawo, chithunzi chimodzi chothimbirira, ndi mawu a malemu agogo aakazi akuti abale a mwamuna wawo anali ku Natal, ku South Africa.

Pa mbali ya ku England sindingawanamizire, ntchito anaigwira. Mayi amene anapatsidwa nkhani yathu anapeza chikalata cha kubadwa kwa agogo, popeza boma la kumeneko linayamba kulemba ana obadwa mu 1837, kenako analipeza banja lonse m'kalembera wa 1901 ndi wa 1911 m'tauni ina ya ku Shropshire. M'kalembera wa 1921 munalibe ndi mmodzi yemwe, ndipo chifukwa chake chinapezeka pamndandanda wa okwera sitima ya pamadzi ya Union-Castle yochoka ku Southampton kupita ku Durban, pomwe panali bambo, mayi ndi ana awo onse.

Chimene chandilembetsa ndemangayi ndi tsiku limene anatiitana pakompyuta kuti atifotokozere zotsatira. Amayi anga, omwe apitirira zaka 90 ndipo sakhalanso nthawi yaitali pampando, anadzuka m'mamawa, anavala chilundu chawo cha kutchalitchi ndi duku, n'kukhala pambali panga kudikira kuti amve za bambo awo. Mayi uja anatsegula chojambula cha mzere wa banja, mayina atandandalika bwino kuyambira kwa makolo a m'zaka za m'ma 1800, ndipo pansi pa mchimwene ndi alongo a agogo panatsika nthambi za ana ndi zidzukulu za ku Pietermaritzburg. Pansi pa dzina la agogo anga panalibe nthambi, koma zilembo zitatu zokha, d.s.p. Nditafunsa tanthauzo lake, anandiyankha mosatekeseka kuti ndi chidule cha Chilatini chimene ofufuza amalemba pa munthu amene anamwalira wopanda mwana. Amayi Chingerezi amachimva, poti anaphunzira kumishoni. Anandigwira pamkono n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Mwanawe, nanga ine akuti ndine wa yani?" Pakamwa panga panauma.

Ndinamukumbutsa mayiyo kuti mwana wa munthu amene akumunenayo ali pomwepo akumuyang'ana, ndiponso kuti zonsezi ndinazilemba pafomu yawo tsiku loyamba. Iye anati kampani yawo imatsatira zikalata zokha, ndipo popeza sanapeze mtchatho kapena chikalata cha kubadwa kwa amayi, anangotengera zimene mdzukulu wina wa ku South Africa anaika pa intaneti. Apa m'pamene ndinapsa mtima, chifukwa zolemba za mdzukuluyo si chikalata cha boma, ndi nkhani ya m'banja ngati yathu yomweyi, koma yake anaikhulupirira pamene yathu anaitaya. Munthu amene amadya ndalama za anthu pofufuza mabanja amene anasamukira kumaiko a atsamunda ayenera kudziwa kuti azungu ambiri a m'maesiteti anabereka ana ndi akazi a m'midzi yoyandikana nawo, kuti maukwati otere ankadziwika kwa ankhoswe ndi kwa mfumu osati kwa bwanamkubwa, ndiponso kuti abale a kwawo kawirikawiri sankauzidwa, kapena ankauzidwa n'kusankha kukhala chete.

Chinandinyansa kwambiri ndi chifukwa chachiwiri chimene anapereka, chakuti za ku Nyasaland sizingafufuzike chifukwa zikalata zinapsa ku Zomba. Moto umenewo unachitikadi, unatentha maofesi a boma mu 1919, koma agogo anafika kuno pambuyo pake, monga mmene mndandanda wa sitima womwe anaupeza yekha ukusonyezera. Kuwerengera kophweka kotereku sanakuchite, pamene lisiti yawo inasonyeza maola atatu a kafukufuku wa ku Nyasaland. Ndinalemba kalata yodandaula, ndipo mkulu wawo anatenga masabata awiri kuti ayankhe ndi mizere inayi yonena kuti ndalama sabweza.

Zotsalazo ndinachita ndekha. Ndinakwera minibasi kupita kumishoni kumene amayi anabatizidwa, ndipo mlembi wa pampingo ananditulutsira kaundula wa ubatizo wachikuto chodyeka ndi njenjete, momwe dzina la amayi linalembedwa ndi inki yofiirira, pambali pake pali dzina la bambo awo lathunthu ndi la esiteti. Ndinajambula tsambalo ndi foni n'kulitumiza ku England ndili ndi ukali wanga wonse.

Kunena chilungamo, kuchokera pamenepo zinthu zinasintha. Mayi uja analemba yekha, osadzera kwa mkulu wake, kupepesa kwa amayi powatchula dzina, anafufuta zilembo zitatu zija, ndipo anaika nthambi yathu yonse mpaka kwa ana anga popanda kulipiritsa ola lina. Anatitumiziranso tsamba la kalembera wa 1911, limene ndi losiyana ndi a zaka zam'mbuyo chifukwa boma linasunga mafomu enieni amene eni nyumba analemba ndi dzanja lawo. Pamenepo pali zilembo zopendekera za bambo awo a agogo, amene anali wosoka nsapato, ndipo pamalo ofunsa za ana obadwa amoyo, otsala ndi omwalira analemba manambala mosindikiza cholembera mpaka inki kufalikira. Ndinalisindikiza tsambalo ku Limbe papepala lalikulu, ndipo amayi analiyendetsa chala pang'onopang'ono mzere ndi mzere, n'kunena kuti bambo awo nawonso ankalemba chilembo choyamba cha dzina la banja mokhota chomwecho pamatumba a tiyi. Tsopano lili m'Baibulo mwawo.

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo yachitatuyo ndi ya mayiyo payekha, osati ya kampani, imene mpaka lero sinanenepo kanthu za maola atatu aja. Amene mukufuna mbiri ya kholo lanu la ku England, iwowa m'makalembera, m'makaundula a matchalitchi a kwawo ndi m'mindandanda ya sitima ya pakati pa 1890 ndi 1960 amadziwamo bwino, ndipo adzakufikitsani mpaka padoko la Durban, Cape Town kapena Beira. Za kumtunda kuno musawalipire. Yambani mwapita kumishoni ndi kunkhokwe ya zikalata zakale ya boma ku Zomba, mujambule chilichonse chimene mwapeza, muwatumizire asanayambe ntchito, ndipo chojambula cha banja muyambe mwachiona nokha musanaitane achikulire kudzakhala patsogolo pa kompyuta.