Jimu inapitiriza kundidula ndalama nditasiya, banki ndi yomwe inandibwezera

Ndakhala ndikufuna kulemba za jimu ina ya kuno ku Leicester yomwe ndinkapitako, dzina sinditchula koma ndikudziwa kuti ena mwa inu zangati zomwezi zinakuchitikiranipo. Ndiyambe ndi zabwino zake chifukwa zilipo ndithu. Makina ndi ambiri komanso aukhondo, imatsegula usana ndi usiku ndiye kwa ife ogwira ntchito ya care ya mashifiti ausiku zinali bwino kwambiri, umaweruka 8 koloko m'mawa nkukathamangako pang'ono, kusamba madzi otentha komweko kenako kunyumba kukagona. Anyamata a pa desiki analinso aulemu, mmodzi mpaka anandiphunzitsa makina olimbitsa msana osandilipiritsa kanthu. Koma pa nthawi yosiya ndi pomwe anaonetsa mawanga awo.

Kontrakiti yanga inali ya miyezi 12, mapaundi 32 pamwezi, ankadula okha mu akaunti yanga ya kubanki pa direct debit tsiku loyamba la mwezi. Miyeziyo itakwana ku ntchito anandisamutsira kunyumba ina yosamalira okalamba yomwe ili kutali ndi jimuyo, mabasi awiri, ndiye ndinati basi ndisiye. Ndinapita pa desiki kukanena, mnyamata uja anati walemba mukompyuta koma nditumizenso imelo, komanso pali notisi ya mwezi umodzi. Imelo ndinatumiza usiku womwewo ndipo inabwera yankho ija yodzitumiza yokha yoti uthenga wanu talandira. Mwezi wa notisiwo ndinalipira osadandaula, pajatu ndinasaina ndekha.

Mwezi wotsatira anadulanso, ine osaona chifukwa ndinali pikitipikiti ndi mashifiti. Ndinadzazindikira mwezi wachiwiri, inali cha m'ma 3 koloko usiku ndili pa buleki mu kachipinda ka antchito, tiyi ali m'manja, ndatsegula apu ya banki kuti ndiwerengere zotumiza kwa amayi ku Dedza za feteleza. Ndikuona dzina la jimu lija, 32. Ndikutsitsa m'munsi, 32 inanso. Tiyi uja anazizirira patebulo pomwepo abale. Kwa wina mapaundi 64 ndi zochepa koma ine ndikudziwa kuti ndi maola angati onyamula anthu, kuwasambitsa, kusintha zofunda, ndiye wina azingotenga choncho ngati zotola?

Kutacha ndinaimba ku jimu. A pa desiki akuti ife za ndalama sitikhudza imbani ku likulu. Ku likulu foni inangondiimbira nyimbo nthawi yaitali ine tulo tili m'maso, atayankha akuti notisi yanu sitikuiona mu sisitimu. Ndinawatumizira sikirinishoti ya imelo yanga ndi yankho yawo yomwe, tsiku ndi nthawi zikuoneka bwinobwino, akuti tiona ndipo tikuyankhani. Sabata ziwiri zii. Ndinaimbanso, munthu wina, nkhani kuyambiranso pachiyambi ngati sindinaimbepo. Chomwe chinandiwawa kwambiri nchakuti tsiku lolembetsa zonse zinatheka mphindi zosakwana 10, pepala, siginecha, kumwetulira, koma kutuluka ndiye ngati ukupempha chifundo.

Amene anandithandiza ndi anti ena a ku Zimbabwe omwe timagwira nawo ntchito, akhala kuno zaka zambiri. Atandiona ndikudandaula anati mwanawe ukulimbana ndi jimu chifukwa chani, pita ku banki yako ukatchule Direct Debit Guarantee. Ine ndinali ndisanamvepo, chonsecho mawu ake analembedwa m'munsi mwa fomu yomwe ndinasaina ija, timalemba ting'onoting'ono tomwe sitiwerenga aja.

Nkhani yake ili chonchi. Banki iliyonse kapena building society (bungwe losunga ndalama ngati banki) ya kuno ku UK yomwe imalola direct debit ili mu dongosolo limeneli, lomwe limayenda kudzera ku Bacs, njira yomwe mabanki a kuno amayendetsera ma direct debit. Ngati pachitika cholakwika pa kadulidwe ka ndalama, kaya walakwitsa ndi kampani kaya banki, monga kudula ndalama yolakwika, tsiku lolakwika, kapena kudula zomwe sumayenera kulipira, banki yako ikuyenera kukubwezera ndalama yonse nthawi yomweyo. Sudikira kuti kampaniyo ivomere kaye kulakwa, banki imakubwezera iwe kenako iyo ndi yomwe imakatenga kwa kampaniyo, amati indemnity claim. Komanso kampani ikafuna kusintha ndalama yomwe imadula kapena tsiku lodulira ikuyenera kukudziwitsa pasadakhale, nthawi zambiri masiku 10 ogwira ntchito.

Ndinaimba ku banki nditangofika kunyumba, yunifomu ndisanavule. Mayi amene anayankha anandifunsa dzina la kampani, masiku omwe anadula, ndalama zake, komanso tsiku lomwe ndinapereka notisi ndi njira yomwe ndinaperekera. Imelo ija ndinali nayo pafoni ndiye ndinangowerenga. Sanandivutitse ayi, anangondichenjeza kuti zikadzapezeka kuti ndalamazo jimu inkayenera kulandira ndidzayenera kubweza. Ndinati palibe vuto mayi, umboni ndili nawo. Anandiuzanso kuti direct debit yomweyo aitseke kuti asadulenso mwezi wamawa, ndinavomera. Tsiku lotsatira ndikudzuka masana, mapaundi 64 onse ali mu akaunti. Ndinakhala pabedi ndikuyang'anitsitsa foni, masabata onse aja ndikulimbana ndi jimu pomwe apa foni imodzi yokha yakwanira.

Koma apa ndichenjeze chifukwa ena akamva izi athamanga kukatseka ma direct debit onse. Kutseka direct debit sikuthetsa kontrakiti. Mnzanga wina anatopa ndi jimu yake miyezi 4 yokha ya kontrakiti ya chaka, anangolowa mu apu nkukansela osauza aliyense, zotsatira zake anayamba kulandira makalata a kampani yotolera ngongole ndi chindapusa pamwamba, mpaka analipira ndithu. Ine zinandiyendera chifukwa miyezi 12 inali itakwana, notisi ndinapereka molemba ndipo mwezi wa notisi ndinalipira. Ndikanangonena pakamwa pa desiki paja ndikanagwira chani? Mnyamata uja ananena kuti walemba mukompyuta koma ku likulu ankati palibe. Ndiye imelo musamafufute, ngakhale kayankho kodzitumiza kokha kaja kasungeni.

China choti muone ndi chakuti kodi amakudulani pa direct debit zoona kapena pa khadi. Ngati polembetsa munapereka sort code (kanambala kakafupi kozindikiritsa banki yanu) ndi nambala ya akaunti, imeneyo ndi direct debit ndipo Guarantee ikukutetezani. Ngati munapereka nambala yaitali ya pa khadi ija, imeneyo ndi njira ina, Guarantee siikhudza, ngakhale banki mutha kuiuzabe kuti iimitse ndipo pali chargeback yomwe mungapemphe, kutanthauza kupempha banki kuti ikubwezereni ndalama yomwe inadulidwa pa khadi. Ndipo banki ikakana kukuthandizani pa nkhani yooneka bwinobwino, lembani dandaulo kwa iwo, mukapanda kukhutira pitani ku Financial Ombudsman Service, ofesi yoweruza madandaulo a anthu pa mabanki, ndi yaulere. A bungwe lopereka malangizo la Citizens Advice nawonso amathandiza kuwerenga kontrakiti ngati Chingerezi cha maloya chikukuzunguzani.

Jimu ija inadzuka ndalama zitabwerera kwa ine. Pasanathe masiku atatu imelo yafika, akuti malipiro anu alephereka ndipo muli ndi ngongole, musalipira tiwonjezera chindapusa. Anthu omwewo omwe anakhala chete sabata zonse zija! Ndinayankha mofatsa, ndinaikamo imelo ya notisi, yankho yawo, ndi sitetimenti ya banki yoonetsa mwezi wa notisi womwe ndinalipira, nkuwauza kuti andilembere kuti umembala wanga unatha liti. Patapita sabata anayankha mizere iwiri yokha, akuti akaunti yatsekedwa ndipo palibe ngongole. Pepani sanalembe.

Pa nyenyezi 5, makina ndi anyamata a pa desiki ndikuwapatsa 4, ofesi yawo ya zamalipiro 1, ndipo sindingabwererekonso ngakhale atatsitsa mtengo. Banki yanga pa nkhani imeneyi 5 zonse. Ndalama ija ndinaphatikiza ndi zina nkutumiza ku Dedza sabata yomweyo, feteleza amayi anagula mvula isanayambe.