Patha miyezi 9 ndi pulambala mmodzi yemweyo, nazi zomwe ndaona

Ndimafuna nthawi ipiteko kaye ndisanayamikire munthu, chifukwa ntchito ya pulambala tsiku loyamba imaoneka bwino nthawi zonse, madzi asiya kudontha, wakolopa, wamupatsa ndalama mwatsanzikana mukuseka. Zenizeni zimadzaoneka pakapita miyezi. Ndiye pano ndi Malichi, nkhani yathu inayamba mu Juni chaka chatha, ndikuona ngati tsopano ndingayankhule.

Ife timakhala ku Area 25, nyumba yake ndi yakalekale ya mapaipi achitsulo aja a galvanised. Usiku wina cha m'ma 1 koloko ndinadzidzimuka ndikumva ngati mvula, koma mu Juni mvula ichokera kuti? Kutuluka pa kolido madzi ali chuchuchu kuchokera mu siling'i, paipi yopita ku giza itaphulika. Bambo a kunyumba anali ku Mzuzu ku ntchito, ine ndi ana basi, ndipo chochititsa manyazi ndi choti zaka zonsezi sindimadziwa potsekera madzi. Ndinathamangira pa mita ndi tochi ya pafoni nditangomanga chitenje, chotsekera chake chitauma ndi dzimbiri osatheka kupotokola, mpaka ndinakadzutsa aneba kuti abwere ndi bobojani.

Kutacha ndinachita zomwe ambiri timachita, kuyimba nambala yomwe ndinkaiona pa kachikwangwani kokhomedwa pamtengo m'mbali mwa msewu. Anabwera mnyamata waulemu wake bwinobwino, wakwera mu siling'i, watsika, akuti mayi zatheka koma mundipatse ya zipangizo ndikagule paipi yatsopano mawa ndidzamalize. Ndinamutumizira pa Airtel Money. Mawa lake foni osayankha, mkuja yazimitsidwa. Titadzakwera kukaona tinapeza anangokulunga chubu cha njinga pamalo pophulikapo kkkk, panopa ndimaseka koma tsiku limenelo ndinalira ndi mkwiyo.

A pulambala amene tili nawo panowa ndinawapeza njira ina. Ndinapita ku hadiweya komwe timagula simenti ndikuwafunsa mayi ogulitsa kuti mwa mapulambala onse amene amagula pano, ndi ndani amene makasitomala ake sabwera kudzadandaula. Anaseka kaye kenako ananditchulira awiri. Mmodzi mwa awiriwo dzina lake linatulukanso kwa mayi wina wa kumpingo amene ali ndi nyumba za lendi zitatu, ndiye ndinati anthu awiri osadziwana sangagwirizane bodza. Anthu a nyumba za lendi afunseni, iwowa mapulambala awayesa ambiri ndipo ndalama zawo zimawapweteka.

Chomwe chinandigwira mtima tsiku loyamba ndi choti sanathamangire mu siling'i. Anayamba ndi pa mita, akuti mayi vuto lanu lalikulu si paipi yaphulikayo, ndi loti simungathe kutseka madzi. Anandifotokozera kuti kuchokera mu msewu kufika pa mita ndi za Lilongwe Water Board ndipo iwo sakhudzako, koma kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi zanga, madzi aliwonse otayika mbali imeneyo ndilipira ndine. Anaika valavu yatsopano ya kachitsulo kongokhotetsa kamodzi, ina anaika yapayokha ya ku giza, kenako anaitana ana onse mpaka wa Standard 5 kuti aliyense ayese kutseka ndi kutsegula. Anandiuzanso chifukwa chake zinthuzi zimakonda kuphulika usiku, akuti nthawi imeneyo anthu sakutunga ndiye mphamvu ya madzi m'mapaipi imakwera, paipi yomwe yadyeka kale ndi dzimbiri mkati imangogonja. Anadula kachidutswa ndikundionetsa, eeh, mkati mwake kabowo kotsala kanali ngati ka bolopeni, kwinako dzimbiri lokhalokha. Madzi amenewo ndi amene timamwa zaka zonsezi.

Mzere wonse wa mu siling'i anasintha ndikuika mapaipi a PPR, obiriwira aja olumikiza ndi makina otenthetsa osati guluu. Zipangizo anandilembera papepala, saizi yake ndi kuchuluka kwake, ndikuti kaguleni nokha kapena tipitire limodzi, ine mudzandipatse ya leba ntchito ikatha. Kotesheni anandichenjeza kuti isagone sabata, ndipo ndi zoona, chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo ya ku hadiweya sikhala malo amodzi.

Tsopano za miyezi yotsatira, zomwe ndi zimene ndimafuna kunena kwenikweni.

Mu Seputembala ndinaona kuti ndalama ya madzi ikukwera koma pakhomo palibe chasintha. Ndinawaimbira, iwo osabwera n'komwe, anangoti tsekani mipopi yonse mukaime pa mita muone ngati ikuyenda. Ikuyenda pang'onopang'ono. Akuti pitani ku toileti mutsegule chivindikiro cha kathanki. Kunali kampira koyandama kaja katasiya kutseka, madzi akungotsikira m'mbale usana ndi usiku mwakachetechete. Anandiuza chogula, anadutsa madzulo akuchokera kwina, mphindi 20 zatha, ndinangowapatsa ya kabaza ndi kangachepe pamwamba. Munthu wina akanati mayi paipi yaphulika pansi tikumbe, ndipo ine ndikanavomera chifukwa ndikanadziwa bwanji?

Mu Novembala ndi pomwe ndinawayesa zenizeni, chifukwa chinadontha ndi ntchito yawo yomwe. Pansi pa sinki ya kukhitchini pomwe analumikiza paipi yatsopano ndi yakale panayamba kunyowa, kabati mpaka kufufuma. Ndinaimba mtima uli m'mwamba ndikuyembekezera zija zoti ana anu ndi amene agwedeza. Anabwera tsiku lotsatira, ayang'ana, akuti apa ndinalakwitsa ndine, tepi ndinaika yochepa komanso mazinga a paipi yakaleyi anali atatha ndimayenera kudula patsogolo. Anakonza osalandira kanthu, ndinachita kuwakakamiza tiyi. Kabati sanandilipire ayi, ndipo pansi pake mpaka lero ndi pofufuma, koma mawu oti ndinalakwitsa ndine ochokera kwa mmisiri ine ndinali ndisanawamvepo chibadwire.

Mu Januwale mvula itakhazikika zimbudzi zinayamba kubwerera, fungo pakhomo ponse. Anatsegula manhole ndikuyendetsa ndodo zawo zija, akuti paipi sinatsekeke, septic tank yadzaza ndipo soakaway siikumwanso madzi chifukwa nthaka yakhuta. Akuti iyi si ntchito yanga, itanani galimoto yopopa, ndikakulipiritsani apa ndikuberani. Anangondilangiza kuti madzi a padenga ndiwapatutse asamathere kumeneko, komanso tisiye kutaya ma wipes ndi mafuta ophikira mu sinki.

Koma musaganize kuti ndi mngelo. Nthawi sasunga ngakhale pang'ono, akati ndikubwera 9 koloko inu phikani nsima ya masana mudye, afika cha m'ma 2 ndi nkhani yoti ndinadzera ku Kanengo. Ndi a Seventh Day, ndiye kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo foni ndi yozimitsa, kaya nyumba ikuyandama. Zinatichitikira kamodzi, mpopi wa panja unathyoka Loweruka m'mawa ana akusewera mpira, tinangotseka valavu ija ndikukhala ndi madzi a mu ndowa mpaka Lamulungu. Sindinakwiye kwambiri poti anandiuziratu poyamba pomwe, komabe kwa amene mukufuna munthu wa usiku ndi usana ameneyu si wanu. Chinanso ntchito zikawachulukira amatumiza mnyamata wawo amene akuphunzira, mwanayo ndi wakhama koma shawa anaimangitsa mopitirira mpaka kuthyola kapulasitiki ka mkati, tinagulanso ina ndi ndalama zathu. Panopa ndimanena poyimba pomwe kuti bambo mubwere nokha, ndidikira. Risiti salemba, ndimalemba ndekha mu kabuku tsiku, ntchito ndi ndalama, iwo amangosaina.

Za mapepala ndinawafunsa, anandionetsa chithunzi cha satifiketi ya trade test pafoni, akuti anayamba ngati wothandizira pa ma site kenako ndikukalemba mayeso. Ndi bwino kufunsa, ndipo achinyamata ambiri odutsa ku TEVETA ntchito amaidziwa, koma kunena zoona pepalalo silimene linandipangitsa kuwasunga. Mtengo wawo si wotsika, mnyamata wa chubu uja anatchula pafupifupi theka la leba yawo.

Mapaipi a mu siling'i mpaka pano ali phee, ndimakwera pa mpando mwezi uliwonse kusuzumira ndi tochi, chizolowezi chomwe usiku uja unandisiyira. Chatsala ndi mzere wa pansi wochokera pa mita kufika kukhitchini womwe ukadali wachitsulo, anati tidikire mvula ithe nthaka iume ndiye tidzakumbe mu Meyi tiike yakuda ija ya HDPE. Ndayamba kale kusunga ku banki m'khonde, ndipo nambala yachiwiri yomwe anandipatsa mayi a ku hadiweya ija ndaisunganso, ya masiku a Sabata.