Sunscreen ya SPF 50: miyezi isanu ndikudzola pansi pa ambulera ku Kasungu

Sunscreen imeneyi, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha mtengo komanso chifukwa imaluma m'maso thukuta likayamba kutsika.

Ndine ejenti wa mobile money pafupi ndi depoti ya Kasungu. Kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka madzulo ndimakhala pansi pa ambulera, minibasi zikuutsa fumbi, anthu akubwera kudzatapa ndi kutumiza ndalama. Ambulera imatchinga pamutu pokha. Dzuwa likapendeka limalowa cham'mbali n'kumamenya tsaya langa lakumanzere, ndipo tsaya limeneli ndi lomwe linali ndi mawanga akuda ambiri. Ndimatuluka ziphuphu chiyambire ndili kusekondale, ndipo chiphuphu chilichonse chikapola chimasiya kadontho kakuda kosachoka miyezi ndi miyezi.

Chaka chatha mnzanga wina anandipatsa kachubu ka mafuta ogula pamsika, akuti amachotsa mawanga. Pa masabata awiri okha nkhope inasalala n'kuyera, anthu n'kumandiyamikira. Koma ndikangodumpha masiku atatu osadzola, nkhope inkatentha ngati ndaithira tsabola, timaziphuphu tating'ono n'kutuluka pachipumi ponse. Timitsempha tinayamba kuoneka pamasaya. Nditapita nako kuchipatala, adokotala anatembenuza kachubuko n'kundilozera mawu ang'onoang'ono akuti clobetasol. Anandiuza kuti amenewo ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, olembera munthu wodwala matenda a pakhungu kwa masiku owerengeka, ndipo akadzoledwa kumaso nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu. Anandipatsa ndondomeko yosiyira pang'onopang'ono, kenako anati, "Mayi, khungu lanu latopa. Musalisenzetsenso katundu. Muzisamba bwino, muzilipatsa chinyezi, muziliteteza ku dzuwa, basi."

Za dzuwazo ndinayamba ndazikana mumtima. Ine wakuda chonchi, sunscreen ya chiyani? Ndinkadziwa kuti abale athu achialubino amaifuna kwambiri chifukwa dzuwa limawabweretsera zilonda ndi khansa ya pakhungu. Koma adokotala anafotokoza kuti khungu lakuda, ngakhale silipsa msanga, likapsa mtima ndi chiphuphu kapena bala limatulutsa utoto wake wochuluka pamalopo, ndipo dzuwa likawombapo utotowo umawonjezereka. Ndiye kuti ine ndinkalimbana ndi mawanga usiku, masana dzuwa n'kumawadetsanso.

Yoyamba imene ndinagula ku famase sinandiyanje. Inali ya zinc oxide, yolimba ngati phala, ndipo inkandisiya mbuu ngati ndadzola phulusa. Kasitomala wina wachikulire anandifunsa mwachifundo kuti, "Kodi mwana wanga, ukudwala?" Ndinaimaliza podzola m'manja ndi m'khosi. Imene ndikunena panoyi ndi yachiwiri, yamadzimadzi, ya m'chubu cha 50 ml. Mitundu imasinthasintha pa shelefu, choncho ine ndimayang'ana zolembedwa: SPF 50 (nambala yosonyeza mphamvu yake yotchinga UVB, cheza cha dzuwa chimene chimapsereza khungu), chizindikiro cha UVA (cheza china cholowa mozama m'khungu) kapena mawu akuti broad spectrum (yotchinga cheza cha mitundu yonse iwiri), komanso tsiku lothera mphamvu. SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza cha UVB, SPF 50 pafupifupi 98, ndiye ngati mwapeza ya 30 yotsika mtengo musaone ngati mwaluza. Chachikulu n'kudzola yokwanira.

Pamenepa mpamene ambiri timalakwitsa, ndipo nanenso ndinkaumira. Kadontho ngati njere ya mtedza sikakwana nkhope. Muyeso umene anandiphunzitsa ndi wofinyira mzere pa chala cholozera ndi chapakati, kuyambira patsinde mpaka kunsonga, n'kudzola nkhope yonse, makutu ndi khosi. Sunscreen yachiwiriyi imalowa msanga. Pakatha mphindi zisanu palibe angadziwe kuti ndadzola kanthu, sinyezimira kwambiri, ndipo fungo lake ndi lochepa moti silindidwalitsa mutu. Malangizo amati munthu wokhala padzuwa azibwereza maola awiri aliwonse. Kunena zoona, ine ndimakwanitsa kawiri: m'mawa ndisanatuluke ndi cha m'ma 1 koloko dzuwa lisanayambe kulowa pansi pa ambulera. Ndisanabwereze ndimayamba ndapukuta fumbi ndi kansalu konyowa, apo ayi nkhope imasanduka matope.

Sunscreen payokha sikanathandiza ndikanapitiriza kusamba kumaso ndi sopo wochapira zovala ngati kale. Madzi a pamjigo wathu ali ndi kamchere, sopo sachita thovu bwino, ndiye ndinkatikita mwamphamvu mpaka nkhope kuchita kukokana. Pano m'mawa ndimasamba ndi madzi ozizira ndi mafuta ofewetsa khungu otchedwa aqueous cream m'malo mwa sopo, n'kutsukuluza bwinobwino. Chenjerani apa: aqueous cream yambiri imakhala ndi sodium lauryl sulphate, imene imayabwa anthu ena akaisiya pakhungu, choncho ine ndimasambira kokha, sindidzola. Nkhope ikadali yonyowa ndimadontheza gilisalini madontho awiri pachikhatho, kusakaniza ndi timadzi, n'kusisita. Gilisalini amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu, koma mukachulutsa amamata, fumbi lonse la pa M1 n'kukhala lanu. Zikauma, sunscreen pamwamba. Zonsezi sizipitirira mphindi zisanu, madzi a tiyi asanawire n'komwe.

Madzulo ndimasamba ndi sopo wofewa wopanda fungo kuti sunscreen ndi fumbi zichoke, gilisalini pang'ono, kenako Vaseline pamilomo, m'manja ndi kuzidendene. Kumaso sindiika chifukwa cha ziphuphu. M'mwezi wa Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba, chaka chino zikang'a sizinandigwire ngati zaka zonse.

Ndinayamba mu Meyi. Mwezi woyamba sindinaone chilichonse ndipo ndinatsala pang'ono kusiya, poti mafuta a pamsika aja anandizoloweza kuona kusintha pa masabata awiri. Khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti lapamwamba lichoke libwere latsopano, ndipo mawanga ozama amafuna maulendo angapo otere. Cha mu Ogasiti ndinajambula tsaya lija ndi foni pakhomo pomwe ndinajambulira mu Meyi, nthawi yomweyo ya m'mawa. Mawanga atatu aakulu pansi pa diso anali atazilala, m'mbali mwake osaonekanso bwino pamene athera. Chimene chinandisangalatsa koposa n'chakuti ziphuphu zatsopano zikapola, kadontho kake kamakhala kofiirira ndipo kamachoka kokha. Sindinayere ayi. Mtundu wanga ndi womwe uja amayi anandibereka nawo, kungoti tsopano masaya awiri akufanana. Amene akufuna kuyera asagule iyi, si ntchito yake.

Vuto lafika ndi Okutobala. Kutentha kwa ku Kasungu mukukudziwa. Thukuta likatsika pachipumi limatenga sunscreen n'kuilowetsa m'maso, ndipo imaluma moti tsiku lina ndinalephera kuwerenga nambala ya kasitomala, misozi ili chuchuchu. Pano sindidzolanso pafupi ndi zikope, ndipo ndimamanga duku motsitsa kuti ligwire thukuta. Zachepa koma sizinathe. Chubucho ndimachikulunga m'chitenje pansi pa tebulo, chifukwa chikakhala padzuwa mafuta ake amawonongeka.

Nanga mtengo? Apa mpamene pandipweteka mtima, chifukwa amayi anzanga ambiri ogulitsa tomato ndi mtedza padzuwa lomweli sangaikwanitse. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chakwera, ndipo chubu chimodzi chimanditha mwezi umodzi wokha ndikamadzola muyeso woyenera. Gilisalini, aqueous cream ndi Vaseline zonse pamodzi zimandifikitsa miyezi iwiri kapena itatu, mtengo wake osafika pa chubu chimodzichi. Ine ndimapatula kandalama tsiku lomwe komishoni yalowa, zina zisanaidye. Mu Julayi, fizi ya mwana itandipanikiza, ndinkadzola m'mawa mokha, masana n'kuvala chipewa cha mlaza chotambalala ndi kusuntha mpando kutsata mthunzi. Zimenezo zinathandizanso, ndipo amene alibe ndalama ya sunscreen ayambire pamenepo, pamodzi ndi kusiya kufinya ziphuphu.

Sipezekanso nthawi zonse kuno. Kawiri konse ndaipeza itatha, moti ndinachita kutuma achimwene ku Lilongwe kuti anditumizire pa basi. Za pamsika zopanda tsiku lothera mphamvu, kapena zolembedwa chilankhulo chimene sindingawerenge, sindigulanso.

Chubu chachisanu chatsala pang'ono, ndachidula kale kumchira ndi lumo kuti ndikokote za mkati. Ndigulanso. Mvula ikayamba sindisiya, chifukwa cheza cha dzuwa chimadutsa m'mitambo, koma ulendo uno ndikafunsa ku famase ngati ali ndi yosachoka ndi thukuta, ndione ngati maso angapume.