Air fryer yanga chaka chikukwana, zabwino zake ndi zomwe zanditopetsa

Mlamu wanga anandifunsa posachedwapa kuti, "Alamu, air fryer yanu ija ikugwirabe ntchito? Ndikufuna ndigule koma ndalama yake ikundiopsa, ndiuzeni zoona zokhazokha." Ndinayamba kumuyankha pa foni koma yankho limangotalika, ndiye ndati bola ndilembe zonse pamodzi, chifukwa pa miyezi imeneyi ndadutsa nayo mu zambiri ndipo ee kapena ayi chabe sizingakwane.

Kwa amene simunaionepo mkati, pamwamba pali elementi yopindapinda yomwe imatentha, pamwamba pa elementiyo pali fani yomwe imakankhira mpweya wotenthawo pansi pa chakudya, ndiye poti basiketi yake ili ndi timabowo mpweya umazungulira mbali zonse. Kwenikweni ndi kauvuni kakang'ono kothamanga basi. Philips ndi amene anazitchukitsa atatulutsa yawo ku Berlin mu 2010, koma pano makampani opanga ndi ambirimbiri. Yanga si ya dzina lalikulu, ndi izi zapakatikati, ya malita 4, mawatsi 1500, imafika madigiri 200, ya mabatani ongokhudza ndi chala.

Kumbali yophika ndilibe nayo mawu. Ntchafu za nkhuku pa 180, mphindi 25, kutembenuza kamodzi pakati, khungu limauma bwino mkati muli mofewa. Soseji mphindi 10 kapena 12 zatheka. Tchipisi chogula chowumitsa kale mu firiji chimatuluka bwino kwambiri pa 200, chosenda wekha chimafuna uchiviike kaye m'madzi kwa theka la ola, uchipukute chiume, uthire kasupuni kamodzi ka mafuta, apo ayi chimatuluka chouma gwa m'mbali koma chosakoma. Taima imalira pa nthawi yake. Kutsuka basiketi sikuvuta ukapanda kuisiya kuti mafuta aundane. Chomwe sindinkayembekezera ndi kutenthetsa zotsala, nkhuku yadzulo kapena pitsa mphindi zinayi zokha zimabwerera mwakale, osati kufewa tepetepe ngati mmene zimachitira mu maikulowevu, moti ntchito imeneyi ndi yomwe imagwira kwambiri kwathu kuposa kuphika kwenikweniko.

Zomwe siingathe nazo zilipo. Chilichonse cha msuzi iwalani. Zoviika mu ufa wamadzimadzi zimangodontha pansi zisanaume. Masamba opepuka fani imawauluzira ku elementi n'kupserera. Ndipo malita 4 amamveka ambiri pa bokosi koma chakudya sichifuna kuunjikana, ukadzaza basiketi zapamwamba zimapsa zapansi zili ziwisi, ndiye pakabwera alendo umaphika maulendo awiri kapena atatu, woyamba uja akuzizira.

Tsopano vuto lomwe landidwalitsa mutu ndi dirowa, mbali yokoka ija momwe mumakhala basiketi. Mkati mwa makinawa muli kasiwitchi kakang'ono komwe dirowa imakakankha ukaitseka, anakaikira chitetezo kuti ukakoka basiketi elementi ndi fani zizime nthawi yomweyo. Patatha miyezi ingapo yanga inayamba kuzima yokha pakati pophika. Umaika nkhuku bwinobwino, wayatsa, fani ikulira, wapita kukachita zina, pobwera wangopeza kukhitchini kuli zii, sikirini yazima, kutsegula nyama ndi yofunda chabe kunja kwayera koma mkati magazi. Ukangoikankha pang'ono ndi chala imayambiranso pomwe inalekera. Poyamba zinkachitika mwa apo ndi apo, kenaka zinafika poti pafupifupi tsiku lililonse, ndipo chomwe ndinazindikira n'choti ikakhala yozizira ilibe vuto, imayamba ikatentha, mphindi 8 kapena 10 zikadutsa.

Anthu ena ndikawauza amati nanga si mungokankha basi, koma taganizani, chifukwa chomwe munthu umagulira chinthu chimenechi n'choti uike chakudya uchokepo, usambitse mwana kapena utsuke mbale. Ine ndinafika poimirira pambali pake dzanja lili pa chogwirira mpaka chakudya chipse, masiku ena ndinkatsamiritsa poto wodzaza madzi kutsogolo kwa dirowa kuti isasunthe. Komanso nkhuku si chinthu chosewera nacho, imafunika ifike madigiri 75 mkati, ndiye ikakhala nthawi yosadziwika ili yofunda chabe mtima sukhala m'malo poipereka kwa ana. Tsiku lina madzulo ndinataya nkhuku yonse chifukwa sindinadziwe kuti yazima nthawi yanji, ndipo tsiku limenelo ndikanakumana ndi munthu wofunsa ngati agule ndikanamuuza kuti asayerekeze.

Ndinainyamula kubwerera nayo ku shopu komwe ndinagula, waranti yake inali ya miyezi 12 ndipo inali isanathe. Mnyamata wa pa kauntala anailumikiza ku magetsi ilibe kanthu, inalira mphindi ziwiri, n'kuzimitsa. "Mayi, iyitu ilibe vuto, mwina ndi soketi ya kwanu kapena mukugwiritsa ntchito ekisitenshoni." Ndinamuuza kuti achimwene, isiyeni itenthe kaye muone, koma anati pali makasitomala ena akudikira. Ndinabwerera nayo kunyumba, ndinasintha soketi, ndinailumikiza pakhoma penipeni, zomwezo. Ndiye ndinaijambula vidiyo kuyambira poyatsa mpaka pomwe inazima, ndi chala changa chikuikankha n'kuyambiranso.

Nditapita ndi vidiyoyo nkhani inasintha, tsopano akufuna lisiti. Malisiti a pa makina aja amafufutika okha pakapita miyezi, langa linali litayera moti deti silimaoneka, mwamwayi ndinali nditalijambula pa foni tsiku logula ndipo ndi chithunzicho chomwe chinandipulumutsa. Bwana wa pa shopupo anavomera kuilandira koma kusinthitsa ndi ina anakaniratu, akuti malamulo awo ndi kukonza basi, ndidikire masabata awiri. Masabata awiriwo anasanduka mwezi ndi kuposerapo. Kuimba foni, "tikudikira siwitchi kuchokera kwa sapulaya, mayi," kuimbanso osayankha, kulemba meseji awerenga koma zii. Iwo sanandiimbireko ngakhale kamodzi.

Nthawi yomwe inali kumenekoyo ndi pomwe ndinaona kuti ndinaizolowera. Kubwerera ku chiwaya, mafuta kuthovukira pa sitovu ndi pakhoma, fungo kukakamira m'makatani, kuyatsa uvuni waukulu chifukwa cha zidutswa zinayi za nkhuku, botolo la mafuta kutsika ukuliona. Mkwiyo uja unayamba kuchepa, ndinkangoti ibwere basi.

Inabwera, inagwira bwino masabata angapo, kenaka tsiku lina zii. Nditawauza, yankho lake linali loti "tinakonza kale, ngati yayambiranso ndiye kuti mumaimenyetsa potseka." Mawu amenewa anandipweteka kwambiri chifukwa chinthuchi ndimachisamala, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe pa shopupo amene anaiyesa itatentha. Mphamvu zolimbana nawo zinandithera, ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza zamagetsi ngakhale ndimadziwa kuti akangoitsegula waranti yathera pomwepo. Bamboyu anaiyatsa n'kuisiya mpaka inazima pamaso pake, kenaka anamasula n'kundionetsa. Siwitchi inali yabwinobwino. Kumbuyo kwa dirowa kuli kapulasitiki kotulukira ngati kalilime komwe kamakankha siwitchiyo, kameneko kanali katapindika pang'ono ndi kutentha komanso kuperepeseka kunsonga, ndiye makina akatentha zinthu n'kufutukuka pang'ono kankasiya kukhudza. Kusiyana kwake kochepa kwambiri, mwina mamilimita awiri. Anasunthira siwitchi kutsogolo pang'ono n'kuimanga bwino, ntchito yosakwana ola. "Mayi, akanangoidikira itenthe akanaliona vutoli tsiku loyamba lomwelo," anatero.

Ali pomwepo anandionetsanso mafuta omwe anaundana pa elementi ndi kuseri kwa fani, akuti ndi omwe amabweretsa utsi woyera ndi kafungo kowauka kaja ukamaphika zonona. Pano ikazizira ndimaichotsa ku magetsi, kuitembenuza n'kupukuta elementi ndi kansalu konyowa, ndipo ndikamaphika soseji ndimathira timadzi pang'ono pansi pa dirowa kuti mafuta odontha asapserere. Anandiuzanso kuti ndisamaigunditse kukhoma chifukwa mpweya wotentha umatulukira kumbuyo, ikasowa popumira muli kafuzi koteteza kutentha komwe kamapsa ndipo makina amangofa osayakanso mpaka asinthe. Kuchokera pomwe anaikonza siinazimenso, ngakhale mpaka pano ndikaika chakudya khutu limakhala ku khitchini kumvetsera ngati fani ikulirabe.

Ndiye pomwe ndimati ndapuma, basiketi yayamba kusupuka. Utoto wakuda uja woletsa chakudya kumatirira wayamba kumatuka m'makona ndi pa timabowo, pena payamba kuoneka dzimbiri. Sitiwulu sindinaigwiritsepo, supuni yachitsulo ayi, ndimatsuka ndi siponji yofewa. Ku shopu akuti basiketi siili pa waranti, ndi chinthu chotha ndi ntchito, zomwe tsiku logula palibe anandiuza. Yapadera alibe, akuti angaitanitse koma mtengo womwe ananditchulira ukuyandikira theka la makina atsopano. Pakadali pano ndikuyala pepala lophikira la mabowo lija pansi, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito limeneli musaliike lokha popanda chakudya pamwamba, fani imalinyamula n'kukaligunditsa ku elementi, likhoza kuyaka moto.

Za ndalama ndiziika motere. Makina a mawatsi 1500 akayaka mphindi 20 amadya theka la yunitsi, mwinanso kuchepera chifukwa elementi imazima n'kuyaka ikafika pa kutentha komwe waika. Uvuni waukulu nthawi zambiri umapitirira mawatsi 2000 ndipo umafuna mphindi 10 kapena 15 zongotenthetsa usanaike kanthu. Ndiye pa chakudya cha anthu awiri kapena atatu air fryer imapulumutsa magetsi, zimenezo ndaziona ndi maso. Koma ukaphika maulendo atatu ndiye kuti ola lathunthu lapita, yunitsi ndi theka, phindu lija latha, bola uvuni womwe ukanalowetsa zonse kamodzi. Mafuta ophikira ndiye ndapulumutsa zenizeni, botolo lomwe linkatha msanga pano limakhala mpaka kuliiwala. Koma ndikaphatikiza zomwe ndinalipira wokonza uja, zoyendera kupita ku shopu mobwerezabwereza, nkhuku yomwe ndinataya ndi basiketi yomwe ikundidikirayi, zomwe ndinapulumutsa chaka chonse zapita pafupifupi zonse.

Ndiye kugula kapena ayi? Ngati pakhomo muli anthu ochepa, mumakonda zowotcha ndi zokazinga kangapo pa sabata, ndipo nthawi imakuchepelani madzulo, gulani, muzaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Ngati banja ndi lalikulu kapena zakudya zanu zambiri ndi za msuzi, ndalamayo chitirani zina, ingokhala pa kabati kudya malo. Ine yangayi ikafa ndizagulanso, zimenezo sindikukayika, koma ya malita 6 kapena kuposa, ndipo ndisanatulutse ndalama ndizafunsa kaye ngati basiketi yapadera ali nayo pa shelefu ndi mtengo wake, waranti ikukhudza chani ndipo andilembere, ikawonongeka amakonza ndani ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji. Kunyumba ndizaiyatsa mphindi 20 zathunthu ili ndi chakudya sabata yoyamba yomweyo tsiku lililonse, dirowa ndikuigwedeza, kuti ngati pali vuto lioneke akadali okakamizika kusinthitsa.

Ku shopu ija sindizagulakonso kanthu. Za basiketi anandiuza kuti ndilipire kaye theka ndiye aitanitse, tsiku lofika sakulidziwa, ndipo nditafunsa kuti ikapanda kukwana pa makina anga azandibwezera ndalama kapena ayi, mnyamata uja anati afunse kaye bwana. Mpaka lero sanandiyankhe ndipo ndalamayo sindinapereke.