Pursued ya 1947 pa Blu-ray: ya ma cowboy inde, koma nkhondo yake ili m'mutu

Ngati mukufuna filimu ya ma cowboy yoti mfuti zizingolira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chimbale ichi chisiyeni, mudzangodandaula ndalama yanu. Mahatchi alimo, zipewa zikuluzikulu zilimo, anthu akufanso ndithu, koma Pursued ndi nkhani ya munthu amene mutu wake sukumupatsa mtendere. Ine ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yotsalayo yapita chifukwa cha mathero a nkhaniyi komanso zinthu zina zomwe zikusowa pa chimbalechi.

Filimuyi inatuluka ku America mu 1947 kudzera ku Warner Bros, ndipo ndi ya mphindi 101. Anaitsogolera ndi Raoul Walsh, nkhani analemba ndi Niven Busch. Mwini filimu ndi Robert Mitchum, ngakhale dzina loyamba kutuluka pa sikirini ndi la Teresa Wright, yemwe pa nthawiyo anali atapata kale mphoto ya Oscar komanso anali mkazi wa Busch yemweyo.

Nkhani ikuchitikira ku New Mexico, zaka za m'ma 1800 zikupita kumapeto ndi za m'ma 1900 zikuyamba. Tikumupeza Jeb Rand (Mitchum) atabisala pa bwinja la nyumba ina pakati pa mathanthwe, akudikira anthu omwe akubwera kudzamupha. Thor (Teresa Wright), mkazi amene amamukonda, wamulondola kumeneko, ndipo Jeb akuyamba kumufotokozera moyo wake wonse kuchokera ali kamwana. Za usiku umene abale ake onse anaphedwa iye sakumbuka zambiri. Amangoona jombo zikupondaponda pansi, tizitsulo ta kuchidendene tobayira hatchi tikung'anima, ndi kuwala kwa mfuti kukuthwanima mumdima. Basi. Chithunzi chimenechi chimamubwerera akagona, akadwala, akapsa mtima, mpaka ndevu kumera.

Usiku womwewo Mayi Callum anamutola n'kukamulera limodzi ndi ana awo awiri, Adam ndi Thor yemweyu. Apa m'pamene pali mtima wa filimu yonse, ndipo m'pamene inandigwira ineyo. Mayiwa, omwe akuseweredwa ndi Judith Anderson, si ankhanza ayi. Za mwana wa mnzako ngwako yemwe anazitsata ndithu: chakudya chimodzi, denga limodzi, ngakhale chuma cha pafamu anati anawo adzagawane mofanana onse atatu. Chomwe anamumana ndi chimodzi chokha, kumuuza kuti iye ndi ndani ndipo kunachitika chiyani. Mwana akafunsa, amamuuza kuti zakale azisiye, ayang'ane kutsogolo. Amene anakulira pakhomo pomwe pali mwana wolera, pomwe akuluakulu amasintha nkhani mwanayo akangofunsa za bambo ake, sachedwa kuizindikira nyumba imeneyi. Mayi Callum akuganiza kuti akumuteteza. Koma mnyamatayo akukula akudziwa kuti pali anthu omuda, osadziwa chomwe anawalakwira, ndiye akungokayikira aliyense, ngakhale omukonda. Tsiku lina ali mnyamata, wina akuwombera kamwana ka hatchi komwe wakwera, iye n'kuthamangira kukamenyana ndi Adam poganiza kuti ndiye wachita. Mayiwo akudziwa bwino lomwe kuti wawombera ndi mlamu wawo, Grant Callum, bambo wa mkono umodzi amene analumbira kuti mbewu ya a Rand isatsale padziko. Akupita kukakumana naye mwamseri, n'kubwerako osanena kanthu kwa mwana. Grant ndi woopsa, ndipo Dean Jagger akumusewera mozizira bwino, kumwetulira kuli pakamwa. Komabe mukaiona mofatsa, amene akumupha Jeb pang'onopang'ono ndi kukhala chete kwa mayi omulera.

Chinthu china chomwe Busch anachiika mochenjera ndi ndalama yachitsulo. Nkhondo ya America ndi Spain ya mu 1898 itabuka, banja lililonse likuyenera kupereka mnyamata mmodzi. Jeb ndi Adam akuponya ndalama m'mwamba, Jeb n'kuluza, ulendo wa kunkhondo. Akubwerako atavulala, ali ndi mendulo, tauni yonse ikumuchingamira. Adam, amene anatsala akukhetsa thukuta pafamu, mtima ukumuwawa kuona mnzakeyo akulandira ulemu komanso gawo la phindu lomwe sanaligwirire ntchito. Akuponyanso ndalama kuti famu ikhale ya mmodzi, Jeb n'kuluzanso. Munthu wosadziwa komwe anachokera wayamba kuona ngati moyo wake wonse ndi wa mayere, ndipo n'zosadabwitsa kuti akukathera m'nyumba ya juga. Koma nkhanza za Adam zili ndi pogwira, si munthu woipa chabe. Pali kachigawo kena kakafupi, Jeb atangofika kuchokera kunkhondo, pomwe awiriwa akuimba limodzi nyimbo yakale ya ku Ireland, mayi ndi mlongo wawo akumvetsera. Mawu akugwirizana bwinobwino, nkhope zili zosekerera, koma iwe woonera ukudziwa kale kuti mmodzi adzagwa ndi mfuti ya mnzake.

Anthu amaitcha filimuyi western ya noir, kutanthauza filimu ya ma cowboy yodzaza mdima, mantha ndi kukayikirana, ena amati ndi imodzi mwa zoyamba za mtundu umenewu. Chifukwa chake chili m'zithunzi, ndipo apa ulemu upite kwa James Wong Howe, wojambula wobadwira ku China yemwe pambuyo pake anadzapata ma Oscar awiri. M'mafilimu ambiri a ma cowboy, chipululu chimatanthauza ufulu, munthu amathamangitsa hatchi mpaka komwe akufuna. Muno ayi. Anakajambulira kufupi ndi Gallup ku New Mexico, ndipo mathanthwe a kumeneko Howe anawaimika ngati makoma a ndende, wokwera hatchi n'kumaoneka kakang'onong'ono m'munsi mwake. Thambo ngakhale masana limakhala lodera. Pali pomwe Jeb akuyenda pahatchi m'chigwa osadziwa kanthu, pamwamba pa phiri kachithunzithunzi kakuda ka munthu wina kakuyenda naye limodzi, mwakachetechete. Palibe wolankhula, koma thupi limachita tsembwe. M'nyumba namo nyali imangowalitsa tsaya limodzi, linalo lili mumdima. Pomwe Prentice, mnyamata wofatsa wosadziwa n'kugwira mfuti komwe, watumidwa ndi Grant kuti akaphe Jeb, zonse zikuchitika mumdima wa bii, ukungoona m'mphepete mwa chipewa ndi kunyezimira kwa mfuti. Harry Carey Jr., yemwe akusewera Prentice, anali wachichepere kwambiri pamenepa, ndipo mantha ali pankhope pake amamvetsa chisoni.

N'chifukwa chake ndikuti chimbalechi n'choyenera kugula. Makope omwe amapezeka mwaulere pa intaneti amasandutsa mdima wonsewu kukhala phala lotuwa, munthu osasiyanitsa khoma ndi chikhoto cha munthu. Pa Blu-ray chakuda n'chakudadi, ndipo mkati mwa chakudacho mumaonekabe zinthu. Filimuyi inakonzedwanso ndi a UCLA Film & Television Archive, malo osungira mafilimu akale ku America. Timadontho toyera ndi timizere tochepa timaoneka apa ndi apo, sanapukute zonse, koma ine sizinandisokoneze. Zithunzi zake si zotambalala ngati za masiku ano, choncho kumanzere ndi kumanja kwa TV kumatsala kwakuda. Musaikoke kuti idzaze sikirini, anthu amasanduka onenepa ndi afupi.

Za Mitchum anthu amagawikana. Ena amati amangooneka ngati ali ndi tulo. Zikope zake n'zolemeradi, salankhula mokweza, sathamanga. Koma pa munthu ngati Jeb zikugwirizana: thupi lalikulu, lamphamvu, koma loyenda ngati likudikira kumenyedwa kuchokera kumbuyo. Filimuyi inatuluka pasanathe zaka ziwiri nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pomwe m'makomo ambiri ku America munali anyamata obwera kunkhondo omwe ankadzidzimuka usiku osatha kufotokoza chomwe chikuwavuta. Oonera a nthawi imeneyo sanafunike wowamasulira.

Tsopano zomwe sizinandikomere. Teresa Wright ndi katswiri, koma gawo la Thor linalembedwa mothamanga. Akumukonda Jeb, kenako Jeb atapha Adam akumuda mpaka kuvomera ukwati ndi cholinga chokamuphera kuchipinda usiku woyamba. Chibwenzi chawo cha nthawi imeneyi n'chokoma kuonera: Jeb akubwera atatchena suti, akulandiridwa pabalaza ndi ulemu wonse, mawu aliwonse ali m'malo mwake, pomwe m'maso mwa mkaziyo muli imfa yokhayokha. Jeb akudziwa, mpaka kumupatsa yekha mfuti. Zikatero chidani chonse chija chikusungunuka pa mphindi imodzi. Munthu amene mchimwene wake waphedwa sasintha mtima msanga choncho. Mathero nawonso ndi omwewo. Sindiulula chinsinsicho, koma chikamatuluka n'chaching'ono poyerekeza ndi mdima womwe watisenzetsa ola ndi theka, ndipo zonse zikukonzeka mofulumira ngati wina wawauza kuti nthawi yatha. Nyimbo za Max Steiner nazo pena zimachuluka. Jombo zija zikangotulukira, malipenga ndi ng'oma zimabuma ngati sitikuona tokha kuti mwanayo ali ndi mantha.

Pa chimbale chomwe ndinalandira, zowonjezera ndi mawu oyamba achidule a Martin Scorsese, wotsogolera mafilimu wotchuka, yemwe wakhala akuitamanda filimuyi kwa zaka zambiri. Amalankhula zomveka, koma asanafike patali watha. Palibe china. Chondiwawa kwambiri n'chakuti mulibe mawu olembedwa pansi, ngakhale a Chingerezi chomwe. Mawu a filimuyi ndi a mono, omveka bwino ndithu malinga ndi zaka zake, koma Mitchum amalankhulira kukhosi, ndipo Chingerezi chake n'cha ku America chakale. Kangapo ndinachita kubwezera m'mbuyo kuti ndimve chomwe wanena. Kwa munthu amene Chingerezi anachiphunzirira m'kalasi, kapena wa makutu ovutirapo, limeneli ndi vuto lenileni, ndipo ogulitsa sanalembe paliponse.

Chinanso chomwe sanalembe poonekera ndi region, kutanthauza dera la dziko lomwe chimbale chimaloledwa kusewera. Chimbale changa n'cha ku America, cha region A, pomwe makina a Blu-ray ogulitsidwa mu Africa muno ndi ku Ulaya ambiri ndi a region B. Anga amawerenga zimbale za kulikonse, ndiye chinasewera popanda vuto, koma pa makina a mnzanga chinakana, n'kungotulutsa uthenga pa sikirini. Mukasankha DVD nkhani ndi yomweyo: za ku America ndi region 1, ku Malawi ndi ku Zambia ndi region 5, ku South Africa ndi ku Britain ndi region 2. Yang'anani kaye kumbuyo kwa makina anu, ndipo wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha kumbuyo kwa bokosi musanalipire.