Njerwa zomwetsa madzi, thanki ndi dimba la mvula: mmene zilili patapita nyengo ziwiri za mvula

Bilu yotsukitsa njerwa za pabwalo ndi imene yandibwezera kuno kudzalembanso. Kwa amene simukudziwa chiyambi chake, nkhani ili motere. Mvula ikagwa, madzi a padenga ndi a pabwalo ankathamangira kumsewu, ngalande n'kudzaza, kenako n'kubwerera kudzaima pageti. Kontrakitala wina anatiikira zinthu zitatu pa mtengo umodzi: thanki ya malita 5,000 yokololera madzi a padenga, dimba la mvula (dzenje la zomera lomwetsa madzi pansi), ndi njerwa za simenti zokhala ndi mipata yomwetsa madzi pamalo oimika galimoto.

Za thanki palibe chodandaula. Sidontha, mpopi wake sunavutepo, ndipo sefa ya pakamwa pake imangofuna kuchotsa masamba. Koma tisanamizane kuti thanki imathetsa kusefukira. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Denga lathu ndi la masikweya mita 120, ndiye mvula ya mamilimita 40 yokha ikubweretsa malita 4,800. Thanki imadzaza tsiku limodzi, ndipo mvula ya mawa lake imangolowa uku n'kutulukira uko. Imachepetsa madzi opita m'ngalande pokhapokha ngati mukumaipungula mvula ina isanabwere.

Chimene chandidabwitsa ndi dimba la mvula, chinthu chimene ndinkachiona ngati chongowonjezera kuti koteshoni inenepe. Ndi dzenje losazama, masentimita 15 basi, lokula masikweya mita 15, ndipo lili mamita opitirira 3 kuchokera ku maziko a nyumba kuti chinyezi chisafike ku khoma. Dothi lake analisakaniza ndi mchenga ndi kompositi, n'kubzalamo vetiva ndi maluwa opirira madzi komanso chilala. Paipi yotaya madzi osefukira m'thanki imathera m'menemo. Nzeru imeneyi si yakale kwenikweni, inayamba kutchuka cha m'ma 1990 ku Prince George's County, m'chigawo cha Maryland ku America.

Mantha anga anali udzudzu. Mvula yamphamvu ikagwa, dimbalo limadzaza mpaka m'mphepete, vetiva n'kungooneka nsonga. Kukacha mupeza madzi aphwa, kwangotsala mzere wa timasamba ndi tizitsotso wosonyeza pamene anafika. Odziwa za ntchitoyi amati madzi asakhalemo kupitirira maola 48, pamene udzudzu umafuna pafupifupi sabata kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Sindinaonemo mphutsi. Ndiponso chaka chachiwirichi madzi akulowa msanga kuposa chaka choyamba, chifukwa mizu ya vetiva yapita pansi ndipo nyongolotsi zaboola dothi. Ntchito yake ndi yochepa: pamiyala ya polowera madzi pamaunjikana matope, amene ndimawawola ndi fosholo, ndiye kuzula udzu ndi kudula vetiva akatalika.

Njerwazi ndiye mutu wanga weniweni. Anthu ambiri amaganiza kuti njerwayo ndi imene imamwa madzi. Ayi, madzi amadutsa m'mipata ya pakati pa njerwa, imene imadzazidwa ndi timiyala totsukidwa ta mamilimita 2 mpaka 5. Pansi pake pamakhala miyala ya kwale yopanda fumbi, ndipo madzi amakhala m'mipata ya miyalayo kudikira kuti dothi liwamwe pang'onopang'ono. Nyengo yoyamba zinkayenda bwino zedi. Ukakhuthula ndowa yamadzi, madziwo ankasowa usanawongoke n'komwe, ndipo alendo ankaima kumaonerera.

Nyengo yachiwiri itafika pakati, kumbali ya kumtunda kunayamba kuima chithaphwi. Poyamba chinkauma pakapita ola, kenako chinkagona mpaka m'mawa, m'mipata n'kuyamba kumera ndere ndi udzu. Nditatokosa ndi msomali ndinapeza kuti masentimita awiri kapena atatu a pamwamba ndi matope ouma gwa, pamene pansi pake timiyala tili mbee ngati tangothiridwa kumene. Ndiye kuti chatsekeka ndi pakamwa pokha. Gwero la matopewo silinavute kupeza. Chakumtunda kuli bedi la dothi lopanda udzu, ndipo omanga analisiya litapendekera ku njerwa popanda kakhoma kotchinga. Mvula iliyonse imakokolola dothi n'kukalisefera m'mipata. Njerwa za mtundu uwu sizifuna kulandira madzi ochokera pa dothi lopanda udzu, ndipo woziyala aliyense ayenera kudziwa zimenezi.

Msomali womwewo unaulula chinanso. M'mizere ya kufupi ndi geti, imene anamalizira kuyala, m'mipata munalibe timiyala. Munali fumbi la kwale losakaniza ndi mchenga. Zikuoneka kuti timiyala tinawathera, n'kungotapa zimene zinali pafupi.

Pofuna umboni woti munthu asautsutse, ndinadula paipi yotakata masentimita 30, n'kuiimika pa njerwa, n'kumata m'munsi mwake kuti madzi asathawire m'mbali. Pakati pabwalo, madzi amene ndinkathira ankalowa nthawi yomweyo. Kumtunda ndi kugeti ankangoima m'paipimo, ine n'kumayang'ana nkhope yanga. Aliyense amene ali ndi njerwa zotere angathe kuyesa chimodzimodzi.

Tsache silithandiza, limangosalaza matope. Makina opopera madzi mwamphamvu amaulutsa timiyala, matope ena n'kuwakankhira pansi kumene simungawafikenso. Chofunika ndi makina oyamwa, amene amazula matope pamodzi ndi timiyala ta pamwamba, kenako n'kuthiramo tatsopano. Ndinaitana kampani ina kudzachita zimenezi kumtundako, ndipo madzi ayambanso kulowa. Koma bilu yake, kuphatikiza timiyala, yatsala pang'ono kufanana ndi ndalama zonse zimene dimba la mvula linadya polikonza. Ndipo andiuza kuti kuyamwaku kumafunika kamodzi kapena kawiri pachaka.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa. Tsiku lotsatsa malonda, kontrakitala anabwera ndi kabuku kokongola. Munali za mzinda wa Philadelphia ku America, umene mu 2011 unayamba ndondomeko ya zaka 25 yochepetsa madzi a mvula olowa m'mapaipi, yotchedwa Green City, Clean Waters, komanso za dziko la China, limene mu 2015 linasankha mizinda 16 yoyeserapo njira zoti mzinda uzimwa madzi a mvula m'malo mongowathamangitsira m'mapaipi. Zonsezo n'zoona. Chimene kabukuko sikananene n'chakuti pantchito zikuluzikulu ngati zimenezo pamakhala anthu olembedwa ntchito yosamalira, ndi ndalama zake chaka ndi chaka. Pakhomo pa munthu, wosamalirayo ndiwe mwini, ndipo thumba lake ndi lako. M'koteshoni yonse munalibe mzere ndi umodzi womwe wonena za kutsuka.

Nditamuimbira foni kontrakitalayo anayamba ndi kuzemba.

“Bwana, njerwa zathu zilibe vuto. Dothi ndi lanu limenelo, mukanabzala kapinga.”

“Nanga bambo, amene anasalaza bedilo n'kulipendeketsa ndani? Fumbi la kwale lili kugetili ndathira ndine?”

Anakhala kaye chete, kenako anati abwera adzaone. Anabweradi, ndipo pamenepa ndimuyamikire, chifukwa ena akalandira ndalama foni imangoitana. Ataona paipi ija ndi zimene msomali unatulutsa, za fumbi la kwale anavomera. Za bedi anakana, n'kutulutsa pepala la chitsimikizo. Pepalalo limanena za njerwa kusweka ndi bwalo kutitimira, koma za kutsekeka kwa mipata silinenapo kanthu. Kunena chilungamo, palibe njerwa imene yasweka ndipo bwalo silinatitimire, ngakhale pamene pamaponda matayala tsiku ndi tsiku.

Maganizo anga amasinthasintha. Mvula ikamagwa usiku, ine n'kudziwa kuti pageti sipaima madzi ndipo ngalande ya kumsewu ikulandira ochepa kuchokera kwathu, ndimaona kuti ndalama sizinapite pachabe. Ndikagwira bilu ndimayamba kuwerengera zina. Njerwa zinatenga gawo lalikulu la ndalama zonse, ndipo ndi zokhazo zimene zikupitiriza kundidya. Wina atandifunsa lero, ndingamuuze kuti ayambe ndi dimba la mvula, alikulitse ngati malo alipo, thanki ibwere pambuyo ngati madziwo ali nawo ntchito. Njerwa zomwetsa madzi agule pokhapokha ngati bwalo lake sililandira madzi a matope, ndipo wogulitsa alembe m'pangano kukula kwa timiyala ta m'mipata, kakhoma ka m'mphepete, ndi mtengo wa kutsuka pachaka. Timiyalato akatione ndi maso tisanathiridwe.

Pakadali pano tagwirizana kuti achotsa fumbi la kugeti mwaulere, koma timiyala ndigule ine. Kakhoma kotchinga bedi akuti ndi ntchito ina, yofuna koteshoni yake, ndipo ine ndakana chifukwa kanayenera kumangidwa pachiyambi pomwe. Mwayi wanga ndi woti pangano linandilola kusunga 10 peresenti ya malipiro mpaka ntchito itatsimikizika. Wayamba kuikumbutsa pafupipafupi, ndipo ndamuuza kuti adzailandira tsiku limene tidzaimike paipi kugeti, iye alipo, madzi n'kulowa.