Dragon kapena Caro-Kann: yankho la zakuda pa 1.e4

Anzanga amene timasewera nawo chesi ku Kabwata sakuleka kundifunsa kuti zoyera zikayamba ndi 1.e4 (kukankhira pa e4 pawn ya patsogolo pa mfumu), iwo aziyankha bwanji ndi zakuda. Njira yotsegulira gemu yotchedwa French ndiichotseretu: bishopu wa pa c8 amatsekeredwa ndi pawn yake yomwe ya pa e6, ndipo ine mtima wopirira zimenezo ndilibe. Zatsala ziwiri, Sicilian Dragon ndi Caro-Kann.

Kukongola kwa Dragon sindikukana. Bishopu wa pa g7 amaloza mpaka ku b2, rook imakhala pa c8, ndipo nthawi ikakwana umaipereka dala pa c3 posinthana ndi kavalo, kuti mpanda wa mfumu ya mnzako ugumuke. Katswiri wa chesi Kasparov anagonjetsa nayo katswiri mnzake Anand ku New York mu 1995.

Koma ili ndi mtengo wobisika. Ndinagula maphunziro a mavidiyo pa intaneti, ndalama zambiri ndithu, kuphatikiza ma bundle owonera. Mphunzitsiyo ankangoonetsa magemu amene zakuda zikupambana mokoma. Za Yugoslav Attack, njira imene zoyera zimaukira nayo Dragon, anangodutsapo. Zoyera zimaika bishopu pa e3, pawn pa f3, kwini pa d2, mfumu n'kuthawira kumbali ya kwini, kenako h4, h5. Bishopu wawo akafika pa h6 n'kusinthana ndi wako wa pa g7, mfumu yako yatsala pambalambanda, mzere wa h uli pululu. Apa nzeru zako zokha sizikwanira. Uyenera kuloweza pamtima mayendedwe ambirimbiri, ndipo ukaiwala amodzi gemu yatha.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ambiri amene ndimakumana nawo, kaya pa bolodi kaya pa Lichess (malo osewerera chesi pa intaneti), salola n'komwe kuti Dragon ioneke. Wina amasewera 2.c3, wina njira ya Grand Prix ndi f4 yake, wina Bb5+ (bishopu pa b5 kuopseza mfumu). Zimenezi mavidiyo aja sanazitchule. Zili ngati kugula suti yaukwati, ukwatiwo osachitika.

Caro-Kann ilibe phokoso. Umasewera c6, kenako d5, n'kutulutsa bishopu pa f5 usanatseke ndi e6, choncho vuto la French lija silikupeza. Ma pawn ako amakhala olimba, ndipo gemu ikafika kumapeto kumene zidutswa zachepa, iwe ndi amene umapuma bwino. Katswiri wina, Karpov, anaidalira zaka zambiri. Chofooka chake n'chakuti zoyera zikakankha 3.e5, umafunika c5 kuti ugwedeze pawn ya pa d4, ndiye kuti pawn imodzi yayenda kawiri. Malo amachepanso poyamba.

Ngati ndinu mwana wasukulu wa nthawi yambiri komanso mutu wosunga zinthu, tengani Dragon, koma muyambe mwaphunzira zoyankha pa 2.c3. Ife amene timafika pa bolodi titaweruka kuntchito, titatopa ndi minibasi, Caro-Kann ndiye yathu. Ine ku Dragon sindibwereranso.